Denga la silabu likudikha madzi, tiyambire pati mvula isanafike?

NaPhiri_47:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Nyumba yathu ku Area 47 ku Lilongwe ili ndi denga la silabu ya konkire pamwamba pa khonde ndi pabalaza, ndipo kuzungulira kuli kakhoma kaja kobisa denga. Dzinja lathali pa siling'i panatuluka chibanga chakuda, penti n'kuyamba kufufuma. Mnyamata amene anakwerako kukakonza dishi akuti pamwambapo padzaza masamba ndi dothi, ndipo pakona pamera kamtengo. Mmisiri wina akuti tigule phula tipake denga lonse, wina akuti tingokhoma malata pamwamba pake nkhani ithe. Tili kale mu Okutobala, madzulo mitambo yayamba kusonkhana. Ndiyambire pati?

Chikondi_A25:
Khomani malata mayi, mupume. Silabu ndi mvula ya kuno sizimvana.

Mmisiri_wa_Kawale:
Mayi NaPhiri, musagule kanthu kaye. Phula lopaka pamwamba pa dothi ndi ndalama zotaya, ndipo malata pamwamba pa silabu ndi denga lachiwiri lomwe nalonso lidzafuna chisamaliro. Pezani tsache, fosholo, matumba ndi ndowa. Wina akwere akasese mpaka konkire aonekere paliponse. Zinyalalazo aziika m'matumba n'kutsitsa ndi chingwe. Mumuuzitse kuti asazikankhire kubowo la madzi, chifukwa anyamata ambiri amatero pofuna kuweruka msanga, ndiye paipi imakatsekekera m'kati mwa khoma momwe dzanja silifika.

Akatha kusesa awerenge mabowo otulukira madzi, alipo angati ndipo ali mbali iti. Pa bowo lililonse akhuthulirepo ndowa yodzaza kamodzin'kamodzi, inu mutaima pansi pomwe paipi imathera. Madzi akatuluka msanga ndi mwamphamvu, paipiyo ili bwino. Akamangochucha, kapena mukawamva akulira m'khoma koma osaoneka, vuto mwalipeza. Kawirikawiri pamatsekeka pa bendi ya pansi pomwe paipi imakhotera panja, ndipo timapezamo majumbo, nthanga za malaina, udzu wa zisa za mbalame ndi matope a fumbi la Seputembala. Nyumba zambiri zomwe ndaitanidwako kuti denga latha, dengalo linali lidakali lolimba. Madzi ndi omwe analibe kolowera.

NaPhiri_47:
Zikomo bambo. Nanga kamtengo kaja tingokazula?

Gogo_wa_ku_Likuni:
Mwanawe, ngati masamba ake ndi osalala ndipo kakutuluka utomoni woyera ukathyola, kameneko ndi kachere kapena mkuyu. Mbalame zimadya zipatso kwina n'kudzachitira padenga, mbewu n'kugwera m'mng'alu. Kumwamba kamaoneka kakang'ono koma muzu wake umatsata chinyontho mpaka kutali, ndipo ukamakula umakankha konkire. Osakakoka mwamphamvu, mungagumule pulasitala. Kadulidwe pansi, muzu ukolokosoledwe wonse ndi tchizulo, kenako mng'aluwo utsekedwe. Mukasiya chitsa chiphukanso mvula ikangogwa.

TK_Injiniya_A43:
Ndiikepo manambala pang'ono, chifukwa ambiri sitizindikira kuchuluka kwa madzi omwe denga limalandira. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, ameneyo ndi lita imodzi. Titenge silabu ya mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, masikweya mita 60. Chimvula cha mamilimita 50, chomwe kuno chitha kugwa madzulo amodzi mu Januwale, ndi malita 3,000. Onsewo ayenera kutsika kudzera m'mabowo omwe a Kawale akunenawo. Mabowo akatsekeka, kakhoma kozungulira kaja kamasunga madzi onse. Madzi akuya masentimita 10 amalemera makilogalamu 100 pa sikweya mita iliyonse, ndiye pa denga lathu lija ndi matani 6. Silabu yomangidwa bwino ingapirire, koma ikawerama pang'ono pakati madzi amathamangira pomwepo, kulemera n'kuwonjezekera malo omwe afooka kale.

Chinanso, denga la fulati siliyenera kukhala fulati kwenikweni. Limafunika kutsetsereka kulowera kumabowo, posachepera sentimita imodzi pa masentimita 80 alionse, ndipo pojambula pulani timaika 1 pa 40 podziwa kuti pomanga zina zimaphonyeka. Pa mamita 6, 1 pa 80 ndi kusiyana kwa masentimita 7.5 pakati pa mbali yokwera ndi yotsika. Kutsetserekaku timakupanga ndi screed wa simenti ndi mchenga pamwamba pa silabu. Kuyesa kwake n'kosavuta: mvula ikakata, kwerani patatha masiku awiri. Pomwe mupeze chithaphwi, zungulizanipo ndi choko kapena khala. Pamenepo ndi pofunika kudzaza.

Chikondi_A25:
Mwaona nokha, matani 6 pamutu pa ana. Ine malata anga madzi amangotsika okha, sindikwera, sindisesa.

Mmisiri_wa_Kawale:
Achimwene Chikondi, ngati malata anu ndi otsetsereka ndipo amagwetsera madzi panja pa khoma, mukunena zoona. Koma yang'anani nyumba zomwe zikumangidwa pano ku Area 49, ku Area 25 kwanu komweko, ndi njira ya ku Airwing. Pafupifupi aliyense akufuna hidden roof. Amenewonso ndi malata, koma ogonekedwa pafupifupi fulati kuseri kwa khoma, madzi onse n'kumagwera mu gutter, ngalande ya madzi a padenga, yomwe ili m'kati mwa nyumba, pamwamba pa zipinda. Gutter imeneyo ikadzaza masamba madzi alibe kosefukira koma mu siling'i. Malata a makona aja otchedwa IBR amafuna kupendekeka kosachepera madigiri 5, koma ena amawagoneka kuposa pamenepo kuti khoma lobisira lisatalike, njerwa zichepe. Mphepo ikamawomba madzi amabwerera m'malumikizidwe. Ine pakati pa silabu yosesedwa ndi hidden roof yosakwerako munthu, ndingagone mwamtendere pansi pa silabu.

Mai_a_Tadala:
Zoona zimenezo. Kwa achemwali anga ku Area 49 siling'i ya chipinda cha ana inagwa usiku, mwamwayi anawo anali kutchuthi kumudzi. Mu gutter anapezamo mpira wa majumbo womwe ana oyandikana nawo anauponya, utakhala ndendende pakamwa pa paipi.

Chikondi_A25:
Anga si hidden roof. Koma ndamva.

Madala_Biwi:
Ine sindikugwirizana ndi zonyoza phula. Kasitolo kanga kali ndi silabu, chaka chilichonse ndimasungunula phula m'chidiramu n'kupaka, ndipo sikathonya.

Steve_Waterproofing:
Madala, mawu oti chaka chilichonse ndi omwe akukutsutsani. Phula la mumsewu dzuwa la Okutobala limalifewetsa, kuzizira kwa Juni kumaliumitsa n'kusweka. Konkire nayenso amafufuma masana n'kubwerera usiku, ndiye chopakapo chiyenera kutha kutamuka naye limodzi. Mukamapaka chaka ndi chaka mukuunjika phula latsopano pa lakale losweka, madzi amalowa pansi pake n'kumayenda osaoneka. N'chifukwa chake pomwe padonthera m'nyumba nthawi zambiri si pomwe madzi alowera. Chibanga chitha kukhala pakati pa balaza, bowo lili kukona, mamita angapo kuchokera pamenepo.

Chomwe timagwiritsa ntchito pa silabu ndi torch-on ya mamilimita 4, nsalu ya phula ija yobwera m'mipukutu timamata ndi moto wa gasi. Koma nayonso ikaikidwa mwachidule imakhumudwitsa. Konkire akhale wouma ndi woyera, apakidwe kaye primer, penti woyamba wothandiza kumata. Mipukutu ipitirirane masentimita osachepera 7.5 m'mbali. Ikwere pa kakhoma kozungulira masentimita 15 kapena kuposa, ndipo pakona pomwe silabu yakumana ndi khoma pakhale kachiunda ka simenti kuti isathyokere pamenepo. Ilowenso m'kamwa mwa paipi, isathere m'mphepete. Pomaliza penti wa siliva, wobwezera dzuwa, ndipo ameneyo ndi amene mumabwereza pakatha zaka ziwiri kapena zitatu.

Madala_Biwi:
Zonsezo ndi ndalama za ku Area 10, mwana wanga. Ife a ku Biwi timachita zomwe thumba lalola.

Steve_Waterproofing:
Ndikumvetsa madala, sindikunyoza. Ngati thumba ndi lochepa, musapake denga lonse. Sesani, tsukani, pezani ming'alu, makamaka m'makona ndi mozungulira mapaipi. Pamenepo pokha pakani penti wa waterproofing woletsa madzi kulowa, yalani kansalu kake kolimbitsira pentiyo adakali wamadzi, pakaninso kawiri pamwamba. Zonsezi zimapezeka m'mahadiweya a ku Malangalanga ndi ku Old Town. Zingakutsikireni mtengo kuposa diramu la phula ndi nkhuni zosungunulira.

NaPhiri_47:
Ndabwereranso. Asesa, mwatuluka matumba ambiri a dothi lokhalokha. Bowo la madzi lilipo limodzi basi, paipi yake ndi yaing'ono, akuti ya mamilimita 50. Tathira ndowa, madzi anaima kaye kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Pa kakhoma pakuoneka mzere wa ndere wosonyeza pomwe madzi ankafika, pafupifupi chikhatho chonse kuchokera pansi.

TK_Injiniya_A43:
Mayi, yankho lanu ndi mzere wa nderewo. Madzi akafika pamenepo amapitirira pomwe waterproofing inathera n'kulowa kuseri kwake. Paipi ya 50 ndi ya sinki, si ya denga. Ikanipo ya pulasitiki ya PVC ya mamilimita 110. Kukamwa kwake n'kokula pafupifupi kasanu kuposa ya 50, ndiponso kuposa kawiri ya 75, komanso masamba sakodwamo msanga. Ndipo denga lotchingidwa ndi khoma lisamadalire bowo limodzi. Pakhale lachiwiri mbali ina, kuwonjezanso bowo losefukira loboola kakhomako, masentimita 5 pamwamba pa denga, lotulukira poonekera ngati pafupi ndi khomo. Tsiku lomwe muone madzi akutuluka pamenepo mudziwa kuti paipi yaikulu yatsekeka, madzi asanalowe m'nyumba.

Mundiyang'anirenso pansi pa silabu ya khonde. Ngati pali mizere yofiirira ya dzimbiri, kapena konkire akusweka mpaka zitsulo kuonekera, musangopaka pulasitala. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kumaswa konkire kuchokera m'kati. Zikatero aitanidwe injiniya adzaone ndi maso, zimenezo sizoweruzira pafoni.

Mmisiri_wa_Kawale:
Ndiwonjezere apo. Pakamwa pa paipi muikepo sefa, koma isakhale yogona. Yogona tsamba limodzi la mango likaphimba basi yatseka. Pindani waya wa nkhuku akhale wotumphuka ngati chisoti, madzi azilowa m'mbali ngakhale masamba ataunjikana pansi. Pa bendi ya pansi ikani ija yokhala ndi chotsekera chomasula, kuti muzitha kulowetsa waya osaswa khoma.

Wa_Lendi_A18:
Funso langa ndi lina pang'ono. Ife tili pa lendi, denga ndi lomweli la silabu. Kusesa padenga ndi udindo wa ndani? Alandilodi akuti ndi wathu poti tikukhalamo ndife, koma chipinda chimodzi makoma achita nkhungu ndipo mwana wayamba kutsokomola usiku.

Landlord_Mmodzi:
Monga mwini nyumba ndinene mosapsatira. Denga, mapaipi ndi ming'alu ndi zanga, chifukwa nyumba ikawonongeka woluza ndine. Ndimatumiza munthu ndekha mvula isanayambe. Chomwe ndimapempha kwa okhalamo n'choti andiuze msanga akaona chibanga, ndiponso asamaponye zinthu padenga. Ena amasungirako matayala, mipando yothyoka, ngakhale kuyanikako chimanga n'kusiya zitsononkho.

Wa_Lendi_A18:
Akanakhala onse ngati inu bwenzi zili bwino. Ife tawauza kuyambira chaka chatha.

Mai_a_Tadala:
Jambulani zithunzi, muwatumizire pa WhatsApp kuti pakhale umboni wa tsiku. Muwapemphe kuti mukonzetse nokha n'kudula pa lendi, koma avomere molemba musanayambe. Mwanayo mumuchotse m'chipindamo, mupite naye kuchipatala.

Nesi_Chisomo:
Mayi a Tadala anena bwino, nkhungu ya m'makoma imavutitsa kwambiri ana a mphumu. Ndiwonjezerepo za udzudzu. Timalimbikira kukwirira zithaphwi pabwalo koma za padenga palibe amaziona. Nyengo yotentha dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena ziwiri. Madzi odikha padenga kapena mu gutter kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi malo oswanirana ali pamwamba penipeni pa mawindo ogona.

Bambo_a_Mpanda_A49:
Mwakamba za kutsitsa madzi padenga, koma akafika pansi azipita kuti? Mnzanga woyandikana naye anaika mapaipi akuluakulu, bwino ndithu, koma onse analozetsa kumpanda wanga. Pansi pa mpanda pakukumbika, njerwa zayamba kusweka. Ndikamuuza akuti madzi ndi a Mulungu.

Chikondi_A25:
Mvula ndi ya Mulungu, paipi ndi yake. Pitani kwa amfumu a m'dera kapena ku khonsolo.

Gogo_wa_ku_Likuni:
Yambani mwakhala naye pansi, mutengeko munthu wachitatu. Mpanda ukagwa udzagwera onse awiri.

TK_Injiniya_A43:
Madzi a padenga ayenera kutsogoleredwa ndi kangalande ka simenti mpaka ku ngalande ya kumsewu, kapena kudzenje lodzaza miyala lokumbidwa kutali ndi maziko, mamita 3 kapena kuposa ngati malo alola. Asamagwere m'tsinde mwa khoma, ndipo asalowe mu septic tank, imadzaza tsiku limodzi n'kubwezera zonyansa m'nyumba. Nkhaniyi ndi ya mzinda wonse. Tikamawaka simenti bwalo lonse madzi salowanso m'nthaka, onse amathamangira ku Lingadzi ndi ku mtsinje wa Lilongwe nthawi imodzi. Amene anaona momwe Lingadzi anasefukira mu 2017 n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire ndi mbali ina ya Area 47 akudziwa chomwe ndikunena. Siyaniko kapinga pabwalo.

Dimba_Lover:
Nanga bwanji osangowakolola madziwo? Lilongwe amalandira mvula yopitirira mamilimita 800 pa chaka. Pa denga la masikweya mita 60 lomwe a injiniya anena, amenewo ndi malita 48,000, madiramu 240 a malita 200. Ine paipi yanga imathira mu thanki, ndimathirira ndiwo zamasamba ndi kuchapira, bilu ya Water Board n'kutsikako. Mvula yoyamba, ya chizimalupsa ija, ndimaitaya chifukwa imatsuka fumbi ndi zitosi.

Steve_Waterproofing:
Nzeru yabwino, koma madzi ochokera pa denga la phula kapena torch-on akhale a kudimba, kukolopera ndi kuchimbudzi, osamwa. Thanki ikhale yovindikira, ndipo paipi yake yosefukira ikhale yaikulu mofanana ndi yolowetsa. Ikachepa, thanki ikadzaza madzi amabwerera m'paipi.

Mai_a_Tadala:
Tibwerere ku nkhani ija. Kodi kusesaku kuzichitika kangati? Ena tilibe mnyamata wokwera nthawi zonse.

Mmisiri_wa_Kawale:
Kofunika kwambiri ndi pano, kumapeto kwa Okutobala, mitengo itamaliza kuyoyola ndipo jakaranda wagwetsa maluwa. Kenako mvula yoyamba yamphamvu ikangodutsa akwerenso, chifukwa imeneyo ndi yomwe imakokolola zotsala zonse kupita nazo pa sefa. M'kati mwa dzinja, pakawomba chimphepo choyoyola masamba, aonenso. Mvula ikatha mu Epulo kapena Meyi ayendere denga lonse: matuza pa torch-on, malumikizidwe omwe atukuka, ming'alu pamwamba pa kakhoma. Ntchito yaikulu yokonza ichitike kuyambira Juni mpaka Seputembala konkire ali gwa. Amene muli ndi mango kapena malaina oweramira padenga, sadzani nthambi zomwe zadutsa khoma.

Pamwamba pa kakhoma kaja anthu amaiwalapo. Pulasitala wake akang'aluka madzi amatsika m'kati mwa njerwa, kuseri kwa waterproofing yonse, inu n'kumadabwa kuti tamata denga lonse koma khoma likunyowabe. Papendekere m'kati ndipo papakidwe.

Pulambala_Joe:
Ndipo okwerawo azisamala. Mawaya a ESCOM ambiri amalowera pakona ya denga, makwerero achitsulo asayandikire pamenepo. Wina agwire makwerero pansi. Osakwera kukuchita ziphaliwali kapena denga lili lonyowa, ndere imaterera koopsa. Pa hidden roof aziponda pomwe pali mizere ya misomali, apo ayi malata amabonyoka n'kupanga zithaphwi zatsopano. Ana asatumidwe ntchito imeneyi.

Sola_Guy_Kanengo:
Funso kwa a Steve. Kasitomala akufuna mapanelo a sola ndi thanki ya malita 2,000 pa silabu yomwe yaikidwa kale torch-on. Ndiboole n'kumanga mabawuti, kenako ndimate silikoni?

Steve_Waterproofing:
Ayi achimwene, silikoni sagwirana bwino ndi phula, ndipo padzuwa amatukuka. Bowo lililonse lomwe mwaboola ndi khomo la madzi. Mapanelo akhazikeni pa mabuloko a konkire olemera, pansi pake mutayala chidutswa china cha torch-on kapena labala kuti asacheke. Mabulokowo asatchinge njira ya madzi yopita kubowo, ndipo pansi pa mapanelo pasiyidwe mpata wolowa tsache. Ngati kuboola sikungapeweke, mundiitane ine kapena wina wa ntchitoyi adzamatire chigamba chokwera m'mwendo wa chitsulocho. Mawaya adutse pamwamba pa khoma, asalowe m'paipi ya madzi, ndaonapo ambiri akuchita zimenezo ndipo masamba amakodwa pomwepo.

TK_Injiniya_A43:
Za thankiyo imani kaye. Malita 2,000 ndi matani awiri pa kamalo kakang'ono. Ikhale pamwamba pa khoma lonyamula kapena pa bimu (mtanda wa konkire), osati pakati pa silabu, ndipo mwini nyumba apeze mapulani a zitsulo awonetse injiniya musanaikweze. Ngati mapulani palibe, imangireni nsanja yakeyake pansi.

Sola_Guy_Kanengo:
Mapulani akuti anasowa. Ndimuuza za nsanja mawa, mapanelo okha ndi omwe akwere.